Nyanga, Chigubu ndi Chimkuzamawu: Mbiri ya Mawu ku Minga

Mwana wobadwa masiku ano ku Petauke kapena ku Nyimba amayamba kumva chimkuzamawu asanadziwe n'komwe kulemba dzina lake. Chimalira pamaliro, paukwati, pamsonkhano wa chipani, pagalimoto ya ogula mbewu, ndiponso pamakomo a masitolo ku Minga Stop, pomwe mabasi a mu Great East Road amatsitsa anthu opita ku mishoni ndi ku chipatala. Tinachizolowera mwakuti ena amayesa chinabwera ndi makolo, chonsecho sichinathe zaka 100 chifikireni kuno. Nzeru imene ili m'kati mwake ndiyo yakale, yakale kuposa waya ndi batire, ndipo Ansenga anali nayo azungu asanaponde dziko lino. Ine chimene chimandikhudza m'mbiri imeneyi n'chakuti makolo athu ankadziwa zinthu ziwiri, kukweza mawu ndi kuwamvetsera, koma ife tagwiritsa choyambacho n'kutaya chachiwiricho.

M'midzi ya mafumu a Chinsenga, kwa Kalindawalo, kwa Mumbi, kwa Ndake mpaka kwa Luembe kumunsi ku chigwa, nkhani inali ndi njira zake zoyendera. Mfumu ikafuna anthu pabwalo, mnyamata wa mawu amphamvu ankakwera pachulu madzulo, n'kuika manja pakamwa, n'kufuula. Nthawi ya madzuloyo sankangoisankha chifukwa choti anthu abwerako kuminda. Dzuwa likalowa mpweya wa pafupi ndi nthaka umazizira msanga kuposa wa m'mwamba, ndipo mawu m'malo mothawira kumwamba amapindikira pansi n'kufika kutali. Alenje m'chigwa cha Luangwa ankaitanizana ndi nyanga ya nyama yoboola pambali chakunsonga. Ukaiyang'ana nyangayo, poyambira mawu m'popapatiza, potulukira m'potambalala. Zimkuzamawu zonse za lipenga, kuyambira zotchipa zokoleka pamtengo mpaka zodula za m'nyumba za anthu achuma ku Ulaya, zinamangidwa pa maonekedwe omwewo. Ng'oma nayo inali ndi akatswiri ake: ofuna mawu okwera ankaiwamba pamoto, ofuna mawu akuya ankamata phula pakati pa chikopa.

Amenewo anali mawu a pabwalo. Panalinso mawu ena, aang'ono, a munthu mmodzi kapena awiri. Kalimba payokha ili ndi mawu ochepa kwambiri. Ukaima mamita ochepa chabe suimva bwino. Woimba amaigwirira pamwamba pa chigubu chodula kukamwa, ndipo mpweya wa m'chigubumo umanjenjemera limodzi ndi tizitsulo tija, mawu n'kunenepa. Akasendeza kalimba kufupi ndi kamwa la chigubu kapena kuikweza pang'ono, mawu amasintha ngati akupuma. Ena ankamangirira tizigoba kapena mikanda kuti pazimveka kunjenjemera kosangalatsa khutu. Apa panalibe kufuna kuti mudzi wonse umve. Mnyamata ankaimba akuyenda yekha ulendo wautali, kapena atakhala pakhonde ndi mnzake, ndipo amene wafuna kumva ankayandikira n'kutseka pakamwa. Kusankha chigubu choyenera kalimba yako, osati chachikulu kwambiri kapena chaching'ono, linali luso lomwe munthu ankaliphunzira ndi makutu.

Ansembe a chipani cha White Fathers atatsegula mishoni ya Minga chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, anapeza a Dutch Reformed atakhazikika kale ku Nyanje kuyambira 1905, ndiponso a Anglican ali ku Msoro. Mamishoni onsewa anabweretsa mawu atsopano m'dzikomo: belu. Kumasukulu a m'midzi ndi ku nthambi za tchalitchi, komwe kunalibe belu lenileni, chitsulo chokoleka pamtengo chinkagwira ntchito yomweyo, monga chikuchitirabe mpaka lero. Anabweretsanso nyumba zazikulu za njerwa zomwe makolo sankamanga, ndipo m'nyumba zoterozo mawu amachita zina. Amagunda khoma n'kubwerera, amachedwa kuzima. Pa Misa ya Chilatini zimenezi sizinkavuta kwenikweni, popeza nyimbo zake zinali zodekha, zokokeka, ndipo wansembe ankapemphera mbali yaikulu atayang'ana ku guwa. Zinthu zinatembenuka ndi msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, umene unalola Misa m'zinenero za anthu. Kuyambira pamenepo gogo wokhala pa benchi ya kumbuyo anayenera kumva liwu lililonse la mawerengo ndi la ulaliki. Ng'oma ndi zisekese zinalowa m'tchalitchi, ndipo m'kupita kwa zaka maikolofoni inatsatira.

Koma lipenga la makina linalowa m'midzi mwa njira ina. Linafika pamutu pa amuna obwerera kuchokera kumwera. Angelezi atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898, boma la kampani ya British South Africa linaika msonkho wa nyumba, ndipo ndalama yolipirira kunalibe koipeza kuno. Amuna a Chinsenga ankayenda wapansi, kuwoloka Zambezi cha ku Feira, komwe lero timati Luangwa, kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia, ena mpaka ku Joni. Ena anatchona. Amene anabwerako ankabwera ndi njinga, makina osokera, bulangete, ndipo wamwayi ankabwera ndi galamafoni. Chipangizo chimenechi chinalibe batire kapena waya. Unkapukusa chogwirira kuti sipuling'i ikungike, mbale n'kumazungulira ka 78 pa mphindi, singano yachitsulo n'kumatsata timizere ta pambalepo. Kunjenjemera kwa singano kunkagwedeza kachitsulo kopyapyala, ndipo kuchokera pamenepo mawu ankadutsa mu mpope wopapatiza n'kutulukira mu lipenga lotambalala. M'magalamafoni akale lipengalo linkaonekera pamwamba ngati duwa. M'magalamafoni onyamula pamanja, monga a His Master's Voice, analipinda n'kulibisa m'bokosi momwemo. Mbali imodzi ya mbale inkatha pafupifupi mphindi zitatu, singano inkafunika kusintha pafupipafupi, mbale ikagwa inkasweka. Pofuna kuchepetsa mawu munthu ankangotsekera kansalu m'kamwa mwa lipenga.

Apa m'pofunika kuima pang'ono, chifukwa amene wamvetsa galamafoni wamvetsa zonse zotsatira. Mphamvu yonse ya mawu inkachokera ku singano yaing'onoyo, koma nyimbo inkadzaza bwalo la panyumba. Chinsinsi chake n'chakuti mpweya ndi wopepuka kwambiri, ndiye kanthu kakang'ono kakamagwedezeka pamtetete mpweya umangolambalala m'mbali, osakankhika. Zili ngati kupalasa bwato pa Luangwa ndi ndodo m'malo mwa nkhafi: mkono ukutopa koma madzi sakugwira. Lipenga limapanikiza mpweya pakhosi pake popapatiza kuti kachitsulo kaja kapeze chokankha, kenako limaumasula pang'onopang'ono mpaka kukamwa. Katswiri wa ku America, Arthur Gordon Webster, analemba masamu ake mu 1919, ndipo mu 1925 kampani ya Victor inatulutsa galamafoni ya Orthophonic yokhala ndi lipenga lopindidwa motsata masamu otero. Makanema olankhula atayamba cha mu 1927, maampu, makina okuza mawu, a nthawiyo anali ndi mawati ochepa kwambiri, motero a Western Electric anaika malipenga akuluakulu kuseri kwa chinsalu kuti holo yonse imve. Sipika wamba ya chikopa chapepala imasandutsa mawu pafupifupi gawo limodzi lokha pa magawo 100 a magetsi omwe yalandira, otsalawo amangosanduka kutentha. Lipenga labwino limaposa pamenepo kakhumi, mwinanso kuposerapo.

Wayilesi inafika chifukwa cha nkhondo. Boma la Northern Rhodesia linatsegula siteshoni ku Lusaka mu 1941, makamaka kuti abale a asilikali omwe anali kunkhondo azimva nkhani. Popeza anthu akuda analibe mawayilesi awoawo, ankamvera pagulu, pa boma kapena m'maholo, pomwe wayilesi imodzi inkatumikira khamu lonse. Harry Franklin, yemwe ankatsogolera nthambi ya boma yofalitsa nkhani, anaona kuti kumvera kotereku sikupindula kwenikweni: phokoso, kukankhana, wina akumva wina osamva. Anafunafuna kampani yoti ipange wayilesi yotchipa ya batire, ndipo a Ever Ready a ku Britain anavomera. Mu 1949 inatuluka wayilesi yotchedwa Saucepan Special, yomwe chikombole chake chinali ngati poto wa aluminiyamu, yopaka utoto wabuluu, mabowo ake otseka ndi sefa kuti tizilombo tisalowe. Inkagulidwa mapaundi 5, batire lake lalikulu paundi imodzi ndi mashereni 5. Siteshoni ya Central African Broadcasting Station inkaulutsa mu Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi ndi zinenero zina, ndipo mawu a Alick Nkhata, woulutsa komanso woimba yemwe anagwirako ntchito yojambula nyimbo ndi Hugh Tracey, anafika m'nyumba za aphunzitsi, akalaliki ndi eni masitolo a m'midzi. Ndimaona kuti imeneyi inali nthawi yabwino m'mbiri ya makutu athu. Batire linali lodula, ndiye wayilesi inkatsegulidwa pa nthawi yake, anthu atakhala pansi moizungulira, ndipo mwana wosokosa ankamuthamangitsira kunja.

Mu 1961 kunabwera mlendo amene anadzamvetsera mawu aang'ono aja. John Blacking, Mngelezi yemwe ankaphunzitsa ku yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg ndipo anali atakhalako pakati pa Avenda, anayenda m'midzi ya boma la Petauke pamodzi ndi Raymond Apthorpe wa ku Rhodes-Livingstone Institute ku Lusaka, akujambula nyimbo pa tepi. Chaka chomwecho analemba nkhani ya kalimba ya Ansenga m'magazini ya African Music. Chimene anapeza n'chakuti nyimbo za kalimba zosiyana pomveka zinkafanana pa kayendedwe ka zala zazikulu: dzanja ndilo linkatsogolera, nyimbo n'kubadwa kuchokera m'kayendedweko. Zina mwa zomwe anajambula zinatuluka pa mbale ziwiri za kampani ya Folkways ya ku New York, zotchedwa Music from Petauke of Northern Rhodesia, yoyamba mu 1962. Taganizani, inu awerengi: pamene kuno anthu ankakonzekera ufulu, mawu a amayi ndi anyamata a ku Petauke ankamveka m'zipinda za ku America ndi ku Ulaya, kwa anthu okhala chete pampando, otchera khutu ku kunjenjemera kulikonse kwa chigubu. Eni ake a nyimbozo, mwina ambiri a iwo, sanazimvepo pambale.

Zaka zomwezo ndi zomwe chimkuzamawu cha pabwalo chinakhazikika. Magalimoto a boma oonetsa kanema m'midzi anali nacho. Zipani zomenyera ufulu zinachikweza padenga la Land Rover, ndipo ufulu utabwera pa 24 Okutobala 1964 chinakhala pakamwa pa boma ndi pa chipani cha UNIP: katemera, feteleza, msonkhano wa bwanamkubwa, zonse zinkalengezedwa momwemo. Mu 1991 chinalengeza za chipani cha MMD. Chipangizo chake sichinasinthe kwenikweni m'zaka zonsezi. Ndi lipenga la aluminiyamu kapena pulasitiki lopindidwa m'kati kuti likhale lalifupi, kumbuyo kwake kuli kachikopa kakang'ono ndi maginito. Makampani odziwika nacho ndi monga TOA ya ku Japan, yomwe inayamba mu 1934 ku Kobe, ndi Ahuja ya ku India, ya mu 1940. Batire la galimoto limodzi limakwana kuti mawu afike tsidya la dambo. Koma chinapangidwira mawu a munthu wolankhula basi. Mawu akuya a ng'oma ndi bezi sichitulutsa, ndipo ukachikakamiza kachikopa kaja kamapsa. N'chifukwa chake nyimbo ya kwaya ikaikidwa pa chimkuzamawu cha pamtengo imamveka yowuma, yobaya m'khutu. Mibadwo iwiri kapena itatu yakula ikuganiza kuti lipenga ndi momwemo limamvekera.

M'nyumba munalowa zina. Panali mawayilesi ndi maredyogalamu a Supersonic, opangidwa ku Bulawayo ndi ku Livingstone, kenako makaseti. Boma la Kaunda litalamula chapakati pa zaka za m'ma 1970 kuti nyimbo zambiri za pa wayilesi zikhale za m'dziko muno, mbale za Paul Ngozi ndi anzake zinadzaza masitolo. Malamulo a zoulutsa atamasuka m'zaka za m'ma 1990 kunabadwa Radio Maria ndi Breeze FM ku Chipata, ndipo Petauke inapeza mawayilesi akeake, PASME ndi Explorers. Lero sola, foni ndi kamemori kadi zinamaliza ntchitoyo: palibe mudzi wopanda sipika.

Kutsidya kwa nyanja lipenga linayenda ulendo wobwerera m'nyumba. Injiniya wina wa ku America, Paul Klipsch, ankafuna kumva gulu lonse la oimba m'chipinda chake monga limamvekera m'holo. Vuto lake linali bezi. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndiye funde la mawu akuya onjenjemera ka 40 pa sekondi limatalika kupitirira mamita 8, ndipo lipenga loti liwatulutse bwino limafuna kamwa lalikulu loti silingalowe pakhomo. Klipsch analipinda lipengalo m'bokosi loima pangodya ya chipinda, kuti makoma awiri ndi pansi zikhale ngati zikupitiriza kamwa lake. Anayamba kuzipanga mu 1946 m'kashedi ka malata m'tauni ya Hope ku Arkansas, ndipo sipika imeneyi, Klipschorn, ikupangidwabe. Ndi wati imodzi yokha imafika pa madesibelo pafupifupi 105 ukaima mita imodzi, pamene masipika wamba a m'nyumba amafika pakati pa 85 ndi 90. Kusiyana kwa madesibelo 15 kumatanthauza kuti wati imodzi pa lipengalo ikugwira ntchito ya mawati pafupifupi 30 pa sipika inayo. Mu 1963 Klipsch anapanga ina, La Scala, yoti Winthrop Rockefeller azichitira kampeni pofuna ubwanamkubwa wa Arkansas. Lero chimkuzamawu cha ndale chimenecho chili m'zipinda za okonda nyimbo. Ku Japan nako, nkhondo itatha, kunachuluka timalo tomwera khofi momwe anthu ankalowa kukamvera mbale za jazi pa malipenga akuluakulu a Altec ndi JBL, ndipo m'malo ambiri otere kucheza mokweza kunali koletsedwa. Anthu amenewa anatenga chida cha pabwalo n'kuchigwiritsa ntchito ya chigubu.

Ma Klipschorn awiri lero amadutsa madola 10,000 a ku America, ndipo imodzi imalemera makilogalamu opitirira 70. Si katundu amene mlimi wa ku Minga kapena mphunzitsi wa ku Nyimba angamuganizire. Komabe pafupifupi bokosi lililonse lalikulu logulitsidwa ku Kamwala ku Lusaka kapena pa msika wa Petauke, ndiponso lomwe kalipentala amakhoma ndi pulayiwudi, lili ndi kalipenga pamwamba ka mawu okwera ndi chikopa chachikulu pansi cha bezi. Malamulo a mawu sasankha mtengo wa katundu. Zimene anaphunzira anthu a zipinda zomvetsera zija zimagwiranso ntchito m'chipinda chochezera cha kwathu, ndipo mwina kuposa, chifukwa zipinda zathu n'zovuta: pansi pa simenti, makoma a pulasitala, denga la malata lopanda siling'i, kabati ya magalasi yodzaza mbale ndi makapu.

Titenge chipinda cha mamita 4 mulitali ndi 3 mulifupi, chomwe chili chofala m'nyumba zathu. Chipinda chilichonse chili ndi mawu akeake omwe chimawakokomeza, monga chigubu chimachitira. M'chipinda chimenechi ndi mawu onjenjemera pafupifupi ka 43 pa sekondi kutsata mulitali, ndi ka 57 kutsata mulifupi. Bezi ikagunda pamenepo imafufuma, imachedwa kuzima, malata ndi mbale za m'kabati n'kuyamba kulira. Ukakhala motsamira khoma bezi imakuchulukira. Ukakhala pakatikati penipeni pa chipinda ina imasowa. Choncho malo okhala womvera ndi ofunika mofanana ndi malo a sipika, ndipo abwino amakhala patsogolo pang'ono pa khoma la kumbuyo, osafika pakati. Sipika ikayandikira khoma bezi imawonjezeka, ikalowa pangodya imawonjezeka kwambiri. Kwa sipika yopangidwira pangodya ngati ya Klipsch zimenezo n'zofunika, ndipo masipika awiri otere amafuna ngodya ziwiri zolimba za khoma limodzi. Kwa bokosi wamba lokhala ndi bowo la bezi kumbuyo, ngodya imaononga zonse, ndipo ndi bwino kulisendeza patsogolo pang'onopang'ono, kutalika kwa chikhatho nthawi imodzi, ukumvetsera nyimbo imodzimodziyo mpaka ng'oma iliyonse izimveka payokha.

Posankha, ambiri timayamba ndi nambala yolembedwa pa katoni. Mawati zikwizikwi olembedwa ndi zilembo za PMPO ndi nambala ya malonda chabe, yosasonyeza mphamvu yomwe ampu ingapereke mosalekeza. M'chipinda chaching'ono, ndi sipika ya lipenga, mawati ochepa oyera amakwana ndi kutsala, ndipo kwa amene amadalira sola ndi batire imodzi, monga ambiri anachitira m'chilala cha 2024 madzi atachepa ku Kariba, imeneyi ndi nkhani ya ndalama ndithu. Koma lipenga silibisa kanthu. Ampu ikakhala ndi kamkokomo kapena kaphokoso ka "sss", sipika wamba imakabisa, lipenga limakaulula, ndiye pogula m'pofunika kuyatsa popanda nyimbo n'kuyandikiza khutu. Chachiwiri ndi kukula. Bokosi lalikulu lokhala ndi malipenga awiri kapena atatu otalikirana limafuna womvera akhale mamita awiri ndi theka kapena atatu kuti mawu a mbali zonsezo aphatikizane; ukayandikira umamva mawu okwera akuchokera pamwamba, bezi pansi, woimba ngati wagawika. M'chipinda chathu chija bokosi laling'ono, lomwe lipenga ndi chikopa zili moyandikana, limaposa lalikulu. A Tannoy a ku Britain anathetsa vutoli mu 1947 poika lipenga pakati penipeni pa chikopa cha bezi, kuti mawu onse azichokera pamalo amodzi.

Ubwino waukulu wa lipenga m'chipinda chopanikizika ndi wakuti limaloza. Silimwaza mawu ponseponse, ndiye ochepa okha ndi amene amagunda makoma a m'mbali n'kudzasokoneza. Koma kuloza komweko kumafuna kuti liloze poyenera. Masipika awiri atalikirane mofanana ndi mtunda wochoka pa iliyonse kufika pa womvera, malipenga akhale pa msinkhu wa makutu a munthu wokhala pansi, osati pamwamba pa kabati pafupi ndi denga monga timakondera. Apendeketseni aloze kwa womvera. Mawu akamabaya, apendeketseni mowonjezera kuti mizere yawo idutsane patsogolo pake pang'ono. Mphasa kapena kapeti pakati pa sipika ndi mpando, makatani okhuthala pawindo, shelefu ya mabuku kukhoma la kumbuyo, zimachita zambiri kuposa kugula ampu ina. Waya nawo aonedwe: wofiira ndi wakuda akasinthanitsidwa pa sipika imodzi, bezi imatha ndipo mawu a woimba samakhala pakati. Poyesa, ine ndimakhulupirira mawu a munthu wolankhula pa wayilesi kuposa nyimbo ya bezi yambiri, chifukwa khutu la munthu aliyense limadziwa mmene munthu mnzake amamvekera.

Zomwezi zikukhudza matchalitchi aang'ono a ku nthambi, ndipo apa m'pamene mtima wanga umawawa. Akhristu amasonkha chimanga ndi mtedza chaka chonse, n'kugula mabokosi awiri aakulu, n'kuwaimika kumbuyo kwa guwa, kuseri kwa maikolofoni, akuloza khoma lopanda kanthu la kumapeto. Maikolofoni imamva sipika, sipika imabweza, kulira kobaya kuja n'kuyamba pakati pa Uthenga Wabwino. Mawu ogunda khoma lomwe lili mamita 17 amabwerera kwa wolankhula patapita gawo limodzi la magawo 10 a sekondi, nthawi yokwana kuti liwu latsopano ligundane ndi lakale. Wosamalira zida akaona kuti anthu sakumva amakweza voliyumu, ndipo kukwezako kumakwezanso mawu obwererawo. Mankhwala ake si odula: masipika akhale patsogolo pa maikolofoni, okwezeka kuposa mitu ya anthu, oweramira pansi kuti aloze mabenchi, chifukwa matupi a anthu ndi zovala zawo zimamwa mawu pamene khoma limawabweza. Kiyibodi itsike kufikira mawu a kwaya amveke pamwamba pake. Lipenga la aluminiyamu lija likhale kunja, la anthu osefukira pabwalo pa tsiku la chikondwerero, monga limagwirira bwino ntchito pa mwambo wa Tuwimba kwa Kalindawalo, komwe kulibe makoma obweza mawu.

Palinso makutu enieniwo. Mu 2015 bungwe la World Health Organization linati munthu angakhale pa phokoso la madesibelo 85 kwa maola 8 patsiku, koma pa madesibelo 100 nthawiyo imatsika kufika mphindi 15 zokha. Patsogolo pa mabokosi a paukwati phokoso limafika pamenepo mosavuta, ndipo amene amavina pafupi kwambiri ndi ana, ena ali kumsana kwa amayi awo. Timinyewa ta m'kati mwa khutu tikafa sitiphukanso. Kulira kwa m'khutu komwe munthu amagona nako akachoka kudansi ndi chizindikiro chakuti china chavulala. Ku chipatala cha Minga kapena cha Nyimba angakuchotseni phula la m'khutu ndi kuchiza mafinya, koma kumva kotayika ndi phokoso palibe dokotala angakubwezereni.

Mbale zija za Blacking sizinatayike. Folkways inapita m'manja mwa Smithsonian Institution ya ku Washington mu 1987, ndipo nyimbo za ku Petauke zikupezekabe kumeneko, munthu atha kuzipeza pa intaneti. Ndikupempha akuluakulu a mawayilesi athu a ku Petauke, aphunzitsi a m'masukulu, abambo ansembe ndi makomiti a mwambo kwa mafumu athu: zipezeni nyimbozi, muziike m'chipinda chabata, pa sipika yoikidwa bwino ndi voliyumu yapansi, muitane agogo omwe anali ana mu 1961 adzamve pamodzi ndi zidzukulu zawo. Ena mwa agogowo akhoza kuzindikira nyimbozo, mwinanso mawu a oimbawo, ndipo zimene anganene zilembedwe iwo akadali moyo.